Ma heat pump akubwera m'makwalala a Nottingham: kodi thiransifoma ya pakona ipirira?

Mukamayenda ku Sneinton, Forest Fields kapena ku Beeston masiku ano, yang'anani m'mbali mwa nyumba. Apa ndi apo muona kabokosi kotuwa kokhala ndi chifani chachikulu, katsamira khoma ngati firiji yoti mwini wake wayitulutsa panja. Ndiye heat pump imeneyo. Boma la UK likufuna kuti timabokosi timeneti tilowe m'malo mwa maboila a gasi amene amatenthetsa nyumba zambiri muno, ndipo nalonso khonsolo la mzinda wathu linalengeza mu 2019 kuti likufuna Nottingham ikhale italeka kuwonjezera mpweya woipa mumlengalenga pofika 2028.

M'magulu athu a WhatsApp mkangano wake ndi wodziwika kale. Ena akuti zinthuzi sizitenthetsa nyumba, ena akuti zimachita phokoso, ena akuti zithimitsa dziko lonse. Ine lero ndikufuna tikambe mbali imene anthu ambiri amailumpha, ya nthambo yodutsa pansi pa msewu wanu ndi thiransifoma imene imadyetsa nyumba zanu. Nkhani ya ma heat pump ikadzavuta, idzayambira pamenepo. Ndipo ikukukhudzani ngakhale muli pa lendi, mulibe ndi maloto omwe ogula heat pump.

Kaye, heat pump imagwira bwanji ntchito?

Gwirani kumbuyo kwa firiji yanu, mumva kufunda. Firiji imatenga kutentha kwa mkati n'kukutayira kunja. Heat pump imachita zomwezo koma mozondoka: imatola kutentha mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'madzi amene amazungulira m'mapaipi ndi m'ma radiator a m'nyumba. Ngakhale kunja kuzizire mpaka madzi kuuma, mumpweya mumakhalabe kakutentha koti makinawa angathe kutola.

Kukoma kwake kuli apa. Hita wamba ya magetsi ikadya yuniti imodzi, imakupatsani kutentha kwa yuniti imodzi basi. Heat pump yoikidwa bwino ikadya yuniti imodzi, imakupatsani pafupifupi mayuniti atatu, poti magetsiwo sakupanga kutentha, akungokusamutsa. N'chifukwa chake boma likuzikankha chonchi. Mu 2020 linaika cholinga choti pofika 2028 ma heat pump 600,000 aziikidwa chaka chilichonse. Mu 2022 linayambitsa thandizo la ndalama lotchedwa Boiler Upgrade Scheme ku England ndi Wales, ndipo mu October 2023 linakweza thandizolo kuchoka pa £5,000 kufika pa £7,500 pa nyumba.

Koma pali kanthu kamodzi koti muike m'mutu. Kunja kukamazizira kwambiri, nyumba imafuna kutentha kochuluka, pomwe heat pump imavutika kutola kutenthako. Ndiye kuti tsiku lozizira kwambiri pachaka ndi tsiku limene makinawa amadya magetsi ambiri, komanso yuniti iliyonse imabala zochepa. Tibwererako.

Eni nthambo si amene mumawalipira bilu

Ambirife timadziwa kampani imene imatitumizira bilu, kaya ndi Octopus, British Gas, EDF kapena ina. Amenewo ndi ogulitsa chabe. Nthambo, mapolo ndi mathiransifoma ali ndi eni ake ena, amene kuno amawatchula kuti ma DNO. Dziko la Great Britain analigawa m'madera 14 a mtunduwu. Kuno ku East Midlands ndi National Grid Electricity Distribution, imene kale inkatchedwa Western Power Distribution. Anzathu a ku Leeds ali ndi Northern Powergrid, a ku London ali ndi UK Power Networks. Kampani yogulitsa mukhoza kuisintha mawa lomwe, koma DNO simungasankhe. Imatengera kumene mukukhala.

Ulendo wa magetsi uli chonchi. Amachokera kokapangidwa pa nthambo zikuluzikulu za pa nsanja zazitali zija, kenako amatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka kufika pa ma volt 11,000 m'kati mwa tauni. Akatero amalowa mu kanyumba ka njerwa kapena kabokosi kobiriwira kamene mumadutsa tsiku ndi tsiku osakalabadira, kokhala ndi chikwangwani chachikasu chochenjeza za imfa. Mmenemo ndi mmene muli thiransifoma. Imatsitsa magetsi kufika pa ma volt 230 amene timagwiritsa ntchito m'nyumba, ndipo imodzi imatha kudyetsa nyumba mazana angapo. Kuchokera pamenepo nthambo imayenda pansi pa msewu, ndipo nyumba iliyonse imayamwa pa nthamboyo kudzera pa kanthambo kake.

Gawo lomalizali, kuyambira pa thiransifoma kufika pa mita yanu, ndi limene tikukamba. Zambiri mwa nthambozi zinakwiriridwa zaka makumi angapo zapitazo, nthawi imene nyumba inkangofuna magetsi a mababu, firiji, TV ndi ketulo. Zotenthetsa nyumba zinali za malasha, kenako gasi.

Masamu amene anamangira nthambo zathu

Ketulo imodzi imakoka pafupifupi 3 kW. Shawa ya magetsi imakoka pakati pa 8 ndi 10 kW. Mukaphatikiza uvuni ndi makina ochapira, nyumba imodzi ikhoza kudutsa 15 kW pakanthawi. Ndiye mungaganize kuti thiransifoma ya nyumba 200 iyenera kukhala ya 3,000 kW. Ayi ndithu. Akatswiri anaona kalekale kuti anthu sitiyatsa zinthu nthawi imodzi. Inu mukamawiritsa tiyi, aneba ali pa basi. Aneba akamasamba, inu mwagona kale pochokera ku shifiti ya usiku. Akawerengera nyumba zambiri pamodzi, nyumba yotenthetsedwa ndi gasi amaiwerengera pafupifupi 1 mpaka 2 kW yokha pa nthawi imene magetsi akukokedwa kwambiri.

Zili ngati thoyileti imodzi m'nyumba ya anthu sikisi. Imakwanira bwinobwino chifukwa aliyense amapita nthawi yake. Koma tsiku loti nonse mwadya chinthu cholakwika, mudziwa kuti thoyileti ndi imodzi.

Heat pump imaphwanya masamu amenewa m'njira ziwiri. Choyamba, siyaka mphindi zitatu ngati ketulo. Imayaka maola ambiri motsatizana, ikukoka mwina 2 kapena 3 kW, nthawi zina kuposa, malinga ndi kukula kwa nyumba. Chachiwiri, chisanu sichisankha khomo. Kukazizira, kwazizira msewu wonse, ndipo makina onse amalimbikira limodzi. Kusinthana kuja kumene nthambo zimadalira kumachepa kwambiri.

Tiyeni tingoyerekeza, manambalawa ndi achitsanzo chabe. Msewu wa nyumba 200, iliyonse 1.5 kW, ndiye 300 kW. Thiransifoma yake ndi yokwana pafupifupi 500 kW, malo alipo ambiri. Tsopano nyumba 100 zaika heat pump, iliyonse yawonjezera 2 kW madzulo ozizira. Tafika pa 500 kW, chigubu chadzaza. Kenako nyumba 20 zagula galimoto ya magetsi, chaja iliyonse 7 kW, onse abwera ku ntchito sikisi koloko n'kulumikiza. Ndi 140 kW ina imeneyo pamwamba. Palibe amene walakwa, aliyense wangochita zimene boma likulimbikitsa. Koma thiransifoma yapyola muyezo wake.

Kuti muone kukula kwa katundu amene gasi amanyamula mwakachetechete, kumbukirani chisanu cha kumapeto kwa February ndi kumayambiriro kwa March 2018, chija anachitcha Beast from the East. Pa 1 March National Grid inachita kuchenjeza kuti gasi akhoza kuperewera. Madzulo a tsiku ngati limenelo, mphamvu imene imayenda m'mapaipi a gasi imaposa imene imayenda m'nthambo za magetsi katatu kapena kanayi. Nyumba zoposa 8 mwa 10 zilizonse muno zimatenthetsedwa ndi gasi. Ngakhale heat pump igawe katunduyo patatu, wotsalayo akadali wolemera, ndipo onse adzadutsa pa nthambo ya mumsewu.

Chimachitika n'chiyani nthambo ikalemedwa?

Musaganize za kuphulika kwa mufilimu. Zimayamba pang'onopang'ono.

Choyamba ndi kutsika kwa volteji. Lamulo la kuno limati magetsi ofika pakhomo panu akhale pakati pa ma volt 216 ndi 253. Nthambo ikanyamula katundu wambiri, volteji imanka itsika mukamatalikira thiransifoma, ndiye ovutika koyamba ndi a kumapeto kwa msewu. Amene tinakulira kumudzi kwathu tikuidziwa bwino nkhaniyi: madzulo aliyense akayatsa hotipuleti, babu limafiira ngati kandulo. Fiziki yake ndi yomweyo, kaya ndi ku Ndirande kapena ku Hyson Green. Kuno zizindikiro zake zimakhala magetsi kuphethira, kapena chaja ya galimoto kudzizimitsa yokha chifukwa yaona kuti volteji yatuluka mu malire.

Chachiwiri ndi kutentha kwa zida. Thiransifoma ndi nthambo zikanyamula mopyola muyezo zimatentha, ndipo zokutira zake zimakalamba msanga. Mwayi wake ngwakuti nyengo yozizira imathandiza kuziziritsa zidazo, moti thiransifoma imatha kupirira katundu wopyola pang'ono kwa maola ochepa. Koma zikamachitika chaka ndi chaka moyo wake umafupika, ndipo tsiku lina fyuzi ya mu kanyumba kaja imadula, msewu wonse mdima.

Chachitatu ndi kusalingana kwa mafeizi. Nthambo ya mumsewu imakhala ndi mizere itatu ya magetsi, ndipo nyumba wamba imalumikizidwa pa umodzi. Zikangochitika kuti nyumba zambiri zoika heat pump zili pa mzere umodzi, mzerewo umalemedwa pomwe iwiri inayo ikupuma. Mukayang'ana thiransifoma yonse mumaona ngati malo alipo, chonsecho mzere umodzi wafika pakhosi.

Chachinayi chimabwera magetsi akathima n'kubweranso. Ngati athima maola atatu kunja kuli chipale chofewa, nyumba zonse zazizira. Akangobwera, ma heat pump onse amadzuka limodzi pa mphamvu zonse, ndipo katundu wa nthawi imeneyo amatha kuposa wa tsiku lina lililonse. Apa ndionjezeko kuti nayonso boila ya gasi siyaka magetsi akathima, poti pampu ndi fani yake zimafuna magetsi. Ndiye wina asakunamizeni kuti wa gasi amafunda pa mdima.

Vuto lina lili m'kabati mwanu momwemo

Pafupi ndi mita yanu, nthawi zambiri pansi pa masitepe kapena m'kabokosi panja, pali fyuzi yaikulu yotsekedwa ndi kawaya. Ndi ya DNO imeneyo, si yanu, si ya alandilodi, musaigwire. M'nyumba zakale imakhala ya 60A, m'zina 80A, m'zatsopano 100A. Fyuzi ya 60A imalola pafupifupi 14 kW, ya 100A imalola 23 kW. Tawerengani nokha: shawa 9 kW, chaja 7 kW, heat pump 3 kW. Ndi 19 kW imeneyo, ketulo musanayatse. Pa fyuzi ya 60A sizikwana.

Palinso nyumba zambiri zogundizana kapena zamapasa zimene zimagawana kanthambo kamodzi kochokera mumsewu. Kamalowa kwa aneba kaye, kenako n'kudumphira kwanu. Azungu amati looped supply. Kale zinkapulumutsa ndalama pomanga, koma lero ndi khosi la botolo, chifukwa katundu wa nyumba ziwiri akudutsa pa kanthambo koyenera nyumba imodzi. Pofuna kukonza, a DNO amabwera kudzakumba n'kupatsa nyumba iliyonse kanthambo kake. Kawirikawiri salipiritsa ngati chifukwa chake ndi heat pump kapena chaja, koma zimatenga nthawi, ndipo mwina pafunika kukumba pabwalo pa aneba. Apa m'pamene moni wa m'mawa uja amagwira ntchito.

A DNO saona zimene simunawauze

Ichi chinandidabwitsa nditachimvetsa. Kwa zaka zambiri, makampani a nthambo ankaona bwino zochitika pa nthambo zikuluzikulu, koma mathiransifoma ang'onoang'ono a m'makwalala ambiri analibe chida chouza likulu kuti katundu wafika pati mphindi ino. Ankadalira masamu aja, ndi foni za anthu odandaula. Panopa akuika zida zoyezera m'tinyumba timeneti komanso akugwiritsa ntchito zimene ma smart meter amaonetsa, koma ntchitoyo ikadali m'kati.

N'chifukwa chake woika heat pump amayenera kudziwitsa DNO. Ngati makinawo ndi ang'ono ndipo fyuzi ikukwanira, amaika kaye n'kudziwitsa pasanathe masiku 28. Ngati katundu wa nyumba apyola malire, kapena nyumbayo ili pa kanthambo kogawana, amayenera kupempha chilolezo asanaike. Bungwe la makampani a nthambo, Energy Networks Association, ndi limene limayendetsa ndondomeko imeneyi. Woika akazembetsa fomu, pa mapu a DNO msewu wanu umaonekabe wopepuka, ndipo ndalama zokulitsira thiransifoma zimapita kwina. Mudzazindikira limodzi tsiku la chisanu.

Ndalama zake alipira ndani?

Tonsefe, aise. Bungwe loyang'anira za mphamvu, Ofgem, ndi limene limavomereza ndalama zimene ma DNO agwiritse ntchito. Pa zaka zisanu za 2023 mpaka 2028 linavomereza pafupifupi £22 biliyoni. Ndalamazo zimabwezedwa kudzera m'mabilu a magetsi a aliyense, kwa zaka zambiri. Thiransifoma ya mumsewu wa eni nyumba ikakulitsidwa chifukwa aika ma heat pump, kagawo ka mtengowo kali pa bilu ya mtsikana wa ku care home amene akuchita lendi chipinda chimodzi ku Radford ndipo amadyetsa mita ya prepay.

Sindikunena kuti n'zolakwika kugawana mtengo. Misewu timagawananso chonchi. Koma funso loti achinyamata tizifunsa makhansala athu ndi ili: ngati tikulipira nawo nthambo, kodi nyumba za lendi zikonzedwa liti kuti zisamataye kutentha? Nyumba yotulutsa kutentha m'mawindo ndi m'denga imafuna heat pump yaikulu, heat pump yaikulu imafuna nthambo yaikulu. Kutseka mipata ndi kufunditsa denga kumachepetsa bilu ya wokhalamo, komanso kumapeputsa thiransifoma ya onse. Mzinda wathu unayesapo kale zimenezi ku Sneinton mu 2017, pomwe nyumba 10 za khonsolo zinavekedwa makoma atsopano ofunda pa njira yochokera ku Netherlands yotchedwa Energiesprong. Kudziwa kulipo, chofunika ndi kufulumira.

Ma DNO nawo ali pa mphambano. Akakumba msewu msanga n'kuika nthambo zazikulu anthu osagula ma heat pump, tawalipirira zinthu zongogona. Akachedwa, anthu adikira miyezi kuti alumikizidwe. Ndipo palibe amene amasangalala msewu wake ukakumbidwa kawiri.

Njira yotchipa ndi kusuntha nthawi

Vuto la nthambo si la tsiku lonse. Ndi la maola ochepa, makamaka pakati pa 4 ndi 7 koloko madzulo m'nyengo yozizira. Usiku pakati nthambo zomwezo zimakhala zikupuma. Ndiye katundu akasunthidwa pang'ono, zida zomwe zilipo zimatha kunyamula nyumba zambiri.

Nyumba yotsekedwa bwino imasunga kutentha. Mukhoza kuitenthetsa masana, n'kutsitsa heat pump maola a madzulo osamva kusintha kwenikweni. Thanki ya madzi osamba ikhoza kutenthetsedwa usiku. Galimoto ndiye yosavuta kuposa zonse, chifukwa ilibe nazo ntchito kaya yadzaza 7 koloko madzulo kapena 3 koloko m'mawa. Makampani ena ogulitsa ali ndi mitengo yosintha ndi nthawi, monga Cosy ya Octopus, imene imatsika maola ena n'kukwera madzulo. Pamafunika smart meter. Koma nazonso zili ndi msampha wake: nyumba zonse za mumsewu zikadzukira limodzi mphindi imene mtengo watsika, tangosamutsa chimulu cha katundu kuchoka pa ola lina kupita pa lina.

Maiko ena anapita patsogolo. Ku Germany, kuyambira January 2024, kampani ya nthambo siingakukanizeni kulumikiza heat pump kapena chaja yatsopano ponena kuti msewu wadzaza. M'malo mwake ili ndi ufulu wotsitsa mphamvu ya chidacho kwakanthawi nthambo ikalemedwa, koma osatsika pansi pa 4.2 kW, ndipo inu mumachotseredwa pa bilu. Ku Norway, dziko lozizira kuposa kuno kumene nyumba zoposa theka zili ndi heat pump, kuyambira July 2022 gawo la bilu ya nthambo limatengera kuchuluka kwa magetsi amene munakoka pa ola limodzi. Kuyatsa zonse nthawi imodzi kumakulumani m'thumba. Norway ikutionetsa kuti ma heat pump ambiri ndi nthambo zolimba zimatheka, kungoti iwo anayamba kutenthetsa ndi magetsi kalekale, nthambo zawo zinamangidwira katundu wotere. Zathu zinamangidwa gasi ali pambali.

Ndiye ife tichitepo chiyani?

Ngati kwanu, kwa makolo kapena kwa alandilodi akuganiza zoika heat pump, funsani woikayo zinthu zitatu asanaboole khoma: fyuzi yaikulu ndi ya ma amp angati, nyumbayi ili pa kanthambo kogawana kapena ayi, ndipo ndani adziwitse DNO. Akamaliza, pemphani umboni woti anadziwitsadi. Funsaninso ngati makinawo ali ndi hita yothandizira ya magetsi mkati, ndi kuti imayaka liti, chifukwa hita imeneyo imadya yuniti n'kubweza yuniti imodzi yokha, ndipo ikamayaka mwachisawawa bilu imathamanga.

Mukalowa m'nyumba yoti muli kale heat pump, musamaiyendetse ngati boila. Boila timaiyatsa mwaukali ola limodzi n'kuzimitsa. Heat pump imakonda kuyenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, ma radiator ali ofunda chabe, osati otentha moti n'kuumitsa sokosi mphindi zisanu. Kuizimitsa tsiku lonse n'kuikankha 6 koloko madzulo ndi kumene kumapweteka thumba lanu ndi thiransifoma yomwe.

Mukaona magetsi akuphethira kapena kufooka madzulo aliwonse, musangolemba pa status. Imbani 105. Ndi yaulere, ndipo imakulumikizani ndi DNO ya dera lanu, osati kampani ya bilu. Akhoza kubwera kudzaika chida choyeza volteji pakhomo panu. Ngati m'nyumba muli agogo, mwana wosakwana zaka zisanu, kapena wina wodalira makina a chipatala, alembetseni pa Priority Services Register, nayonso ndi yaulere, kuti magetsi akathima aziyamba kuganiziridwa.

Amene muli ndi heat pump kale, tiuzeni mmene bilu yanu inayendera mu January, komanso ngati a DNO anachita kubwera kudzasintha fyuzi. Anzanu a mumsewu womwewo akufuna kudziwa chisanu chisanafike.